Galu Amene a Sesilia Adasankha

Pa zaka makumi atatu ndi zisanu za ukwati wawo, a Sesilia sadapemphepo amuna awo kanthu kooneka ndi maso. Nsalu ankagula okha akagulitsa nyemba zawo, nsapato ankavala mpaka chala chachikulu chitayamba kusuzumira panja, ndipo amuna awowo, a Feliciano, akati tichite chakuti, iwo ankangoyankha kuti, "Mwanena ndinu." A Feliciano ankanyadira zimenezi pagulu. Ankauza anzawo kuti kunyumba kwawo kulibe mikangano, ndipo sankanama, popeza woyankhula m'nyumbamo adali mmodzi.

Pempho loyamba lidabwera pochokera ku chipatala cha ku Tete. Diso lamanzere la a Sesilia lidali litazima kale ndi matenda a shuga, ndipo tsiku limenelo dotolo adaunika lamanja kwa nthawi yaitali, kenako adayankhula mosazungulira. Adati timitsempha ta m'kati mwa disolo tafooka, lingathe kuona chaka china chathunthu, lingathenso kuzima mawa lomwe. A Feliciano adagwira ntchito yolemba m'sekeretariya, ofesi ya shikola kapena kuti sukulu, ku Lifidzi mpaka kupuma, ndipo adali munthu wokonda nkhani zokhala ndi madeti. Mawu oti chaka aja adawatola n'kuwasunga bwino. Oti mawa adawasiya pa benchi la chipatala.

Shapa, minibasi yobwerera kwawo, itayamba kukwera mapiri, kutentha kwa ku Tete kutatsala m'mbuyo, a Sesilia adachotsa nkhope pa zenera.

"Abambo ake Yolanda, ndikufuna mundigulire galu."

"Galu amachita kugula? Kwa alamu a Custódio kuli tiana tisanu, tikungosowa otenga."

"Osati amenewo ayi. Ndikufuna wonga uja wa masisitere."

Nkhani ya galu wa masisitere a Feliciano adali ataimva kambirimbiri. Ali mtsikana, a Sesilia adakhala zaka zinayi ku mishoni, ndipo kumeneko kudali galu wachikasu wa makutu ogwa, amene ankanyamula dengu ndi pakamwa kuchokera ku khola la nkhuku osaswa dzira ndi limodzi lomwe. Mtsikana akamalira pokumbuka kwawo, galuyo ankabwera n'kutsamiritsa chibwano pa mwendo wake mpaka atatonthola. A Feliciano ankaimva ngati nkhani za ubwana zimene zimakula pamodzi ndi mwini wake.

"Ana onse adapita," adapitiriza a Sesilia. "Inu mumakhalira ku dimba ndi kwa anzanu. Ndikufuna kanthu koti kazikhala pa mapazi angawa. Ndipo ndikufuna ndikaone kakukula, diso lidakalipo."

A Feliciano adachita manyazi pang'ono poti anthu m'shapamo ankamva. Koma sadali munthu woipa mtima, izi tinene poyera. Adavomera asadafike pa Ulongwe.

Yolanda, mwana wawo woyamba amene ndi namwino ku Tete, ndiye adafufuza. Adaimba telefoni kunena kuti agalu amenewo amawatchula kuti Labrador, ndipo pa Ulongwe pomwepo pali mayi wina, Dona Efigénia, amene galu wake adaswa tiana tinayi. Atamva mtengo wake, a Feliciano adayamba afunafuna pokhala. Zidatengera kugulitsa thole la ng'ombe, ndipo adaligulitsa mwakachetechete kwa munthu wa ku Domwe kuti a pamudzi asadziwe. Pofika madzulo a tsiku lomwelo mudzi wonse udali utadziwa.

Adapita kukasankha m'mawa wina wa mwezi wa Junyu, chisanu chili cholowa m'mafupa. A Sesilia adavala kapulana yawo, chitenje cha kutchalitchi. Atagogoda pa chipata cha Dona Efigénia, woyamba kuwalandira adali make wa tianato, galu wamkulu wachikasu wa chifuwa chotambalala. Sadauwe ndi kamodzi komwe. Adanunkhiza nsapato za a Feliciano, adagwedeza mchira mpaka chiuno chonse chinkagwedezeka nawo, kenako adathamanga kukatola chitsononkho n'kudzachiika pa mapazi a alendo.

"Ndi yemweyu," adanong'ona a Sesilia, dzanja lili pakamwa. "Abale, ndi yemweyu ndithu."

"Galu wanji wolandira alendo ngati katekisita?" adatero a Feliciano. Mumtima adali atayamba kale kulira thole lawo.

Dona Efigénia adali mayi wonenepa wa mawu ofulumira. Adaikira a Sesilia kampando pakati pa bwalo, n'kutsegula kakhola. Tiana tinayi tidatuluka tikugwerana, titatu tachikasu, kamodzi kakuda bii. Mayiyo adayamba kufotokoza zoyang'ana posankha: maso asakhale ndi manthongo, mimba isakhale yotupa ndi njoka, m'makutu musanunkhe, ndipo kapepala ka vasina yoyamba, ndiye kuti katemera, kakhalepo. Koma chachikulu, adati, ndi kungokhala phee n'kuona kamene kabwere kokha.

A Sesilia adakhala phee, mutu ataupendeketsa kuti diso lamanja ligwire ntchito. Tiwiri tidathamangira kukakoka zingwe za nsapato za a Feliciano. Kakuda kadalimbana ndi tsache. Kachinayi, kotuwirako kuposa tinzake koma ka makutu oderako, kadayenda pang'onopang'ono, kadanunkhiza mphepete mwa kapulana, kadayasamula, n'kudzigwetsa pa phazi la a Sesilia. Posakhalitsa kadali m'tulo.

Apa a Feliciano adaona kuti nthawi yakwana yoti munthu wodziwa agalu alowererepo. Agogo awo adali alenje, ndipo kwathu kuno kasankhidwe ka galu n'kodziwika: umakagwira pa chikopa cha kumbuyo kwa khosi n'kukalendeweza m'mwamba. Kakakhala chete, kameneko n'kolimba mtima. Kakalira, kasiye. Adayamba ndi kakuda kaja. Kadaphiriphitha osatulutsa mawu, n'kuwaluma chala. A Feliciano adamwetulira koyamba tsiku limenelo. Kenako adatola ka pa phazi kaja, kadakali ndi tulo. Kadalira kuti bwalo lonse limve, n'kuwakodzera pa mkono wa jekete.

"Basi, nkhani yatha. Titenga kakudaka."

"Ayi," adatero a Sesilia.

A Feliciano adacheuka kuti aone amene wayankhula. Mawu amenewo adali asadawamvepo kuchokera pakamwa pamenepo.

"Ayi, abambo ake Yolanda. Kandisankha kokha. Ndipatseni kuno."

Dona Efigénia adaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Bambo, mayeso anuwo ndi a agalu a uzimba. Awa si agalu a ulonda ayi. Mbava ikabwera, ameneyu adzaithandiza kunyamula katundu. Ndi agalu a anthu. Mukamudyetsa bwino koma osamugwira, osamuyankhula, ndiye kuti mwamumana chakudya. Chokhacho, musamutulutse kunja kwa mpanda mpaka atalandira vasina yachiwiri, kuopa matenda." Kenako adatembenukira kwa a Sesilia n'kukweza khutu la kagaluko. "Mayi, onani apa. Panopa n'kotuwa, koma kakamakula thupi lonse lidzatsatira makutuwa. Mudzaona."

A Sesilia adayandikitsa khutulo pafupi ndi diso lawo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Adati likufanana ndi uchi wa m'mwezi wa dzuwa, ndipo dzina lidapezeka pomwepo. A Feliciano adapereka ametikali awo nkhope ili gwaa, komabe pobwerera m'shapa, poona akazi awo akuseka ndi kanthu kobisidwa m'kapulana, adadzimva kuti ndi mwamuna wabwino kwambiri m'Angonia monse.

Masabata awiri otsatira adali okoma, ndipo a Feliciano amawakumbuka tsiku ndi tsiku ngati munthu wokanda chilonda. Uchi ankatsatira a Sesilia kulikonse. Akapita kukatunga madzi pa mjigo wa pabwalo, iye pambuyo. Akakhala pa mphasa, iye pa phazi. Adaba chipande, adatafuna korona ya pa msomali, adagwera m'beseni la zochapa n'kukana kutulukamo. M'mawa uliwonse a Sesilia ankamunyamula kupita naye padzuwa, n'kuyerekeza msana ndi khutu kuti aone ngati wayamba kudera. Nyumba imene idali zii chichokereni ana idayambanso kumveka kuseka.

Ndiye kudabwera a Custódio, mwamuna wa mlongo wawo wa a Feliciano, wogulitsa mbatatesi ku Domwe, munthu amene mawu ake amafika iye asadafike.

"Alamu! Ndamva mwagula galu wa mtengo wa ng'ombe. Ndati ndidzamuone, mwina amalima."

Adavula nsapato pakhonde n'kukhala pansi. Uchi adabwera akugubuduka, adawanyambita zala za kumapazi, adatola nsapato imodzi n'kudzaiika pa miyendo yawo, mchira uli gwedegwede. A Custódio adaseka mpaka misozi.

"Ndiye mlonda wanu ameneyu? Chaka chatha adakuberani mbuzi ziwiri m'khola muli m'tulo. Chaka chino ng'ombe mwapereka nokha masana. Alamu, inu sukulu idakupwetekani."

Lamulungu lotsatira, potuluka mu Misa, amuna atatu osiyana adawafunsa a Feliciano ngati galu wawo wayamba kukamidwa. A Feliciano adaseka nawo, koma m'kati munkatentha. Zaka zonse za m'sekeretariya anthu ankawavulira chipewa, ndipo tsopano adali nthabwala ya pakhomo la tchalitchi. Choipa kwambiri chidali chakuti mumtima ankagwirizana nawo osekawo. Kagalu kaja kadalira pa mayeso, iwo adaona ndi maso awo.

A Custódio ndiwo adabweretsa mankhwala ake. Adati palibe galu wobadwa wolusa, kulusa amachita kumuphunzitsa, ndipo njira yake aliyense amaidziwa. Mumkhomere bokosi la matabwa lopanda zenera. Akhalemo usana wonse, asaone munthu, asagwidwe, asayankhulidwe. Azituluka mdima ukagwa basi, pa unyolo. Akakunyambitani, mukwapuleni pamphuno. Miyezi itatu, adzakhala galu woti anthu azilambalala mpanda wanu. Ndipo mukafuna kuti zifulumire, musinjireko mavu m'chakudya chake.

Za mavuzo a Feliciano adazikana ndi ukali, poti iwo ndi munthu wophunzira, sangachite zachikunja zotere. Koma za bokosi adaziona kuti n'zanzeru. Kodi Dona Efigénia yemwe sadanene kuti galu asatuluke? Adanena, iwo adamva. Kuti mayiyo ankanena za mpanda osati bokosi, ndi za masabata osati miyezi, a Feliciano adakupinda bwinobwino mpaka kudakwana pamene ankafuna.

Adakhoma bokosilo Lachiwiri masana. A Sesilia adamva kulira kwa nyundo, adabwera Uchi ali m'manja.

"Mukupanga chiyani?"

A Feliciano adafotokoza mwadongosolo, monga ankafotokozera makolo za malamulo a shikola. Adati galu adzakhalabe wa a Sesilia, palibe akumulanda. Kungoti pakhomo pamafunika chitetezo, ndipo galu wa mtengo wotere ayenera kugwira ntchito ziwiri.

"Ine sindidapemphe mlonda."

"Ndi miyezi itatu yokha, amake Yolanda. Dotolo adati chaka. Mudzatsala ndi miyezi yambirimbiri yomuonera."

"Adatinso mawa."

"Madotolo amatero kuopa kudzadzudzulidwa."

A Sesilia adawayang'ana ndi diso lawo limodzi lija. Ayi wawo adali atamugwiritsa kale ntchito pa Ulongwe, ndipo zikuoneka kuti adalibe wina wosungira. Adapsompsona Uchi pamutu, adamupereka, n'kunena kuti, "Mwanena ndinu."

A Feliciano adakhoma loko, kiyi adamumangirira ku lamba. Kenako adalowa m'nyumba, adatsegula kalendala ya ku parokiya, adawerenga miyezi itatu, n'kuzunguliza tsiku la 20 Setembulu ndi cholembera chofiira. Atatero mtima udakhala m'malo, popeza chinthu chokhala ndi deti kwa iwo chidali chinthu chokonzeka.

Masiku oyamba Uchi ankalira kuyambira m'mawa mpaka mawu kusasa. Ankapalasa matabwa, ankalowetsa mphuno m'kampata ka pansi. A Feliciano pobwera ku dimba ankapeza akazi awo atayala mphasa pambali pa bokosi, zala zili m'kampatako, akuyankhula motsitsa mawu. Adawauza kuti akuononga ntchito yonse. Atawapezanso kachitatu, adanyamula bokosi lija kukaliika kuseri kwa nkhokwe, kumene kuli miyala ndi maenje, podziwa kuti munthu wa diso limodzi lofooka sangafikeko yekha. Adachita zimenezi modekha, popanda mkwiyo, ndipo n'chimene chimawawawa kwambiri lero.

Ntchito adaigwira mokhulupirika. Chakudya ankapereka chabwino, usipa ndi madeya ophika, nthawi zina mafupa a ku butchala, koma mbale ankaikankha ndi ndodo. Uchi akathamangira kudzanyambita dzanja, ankalandira kamkwapulo pamphuno. Tsiku la vasina yachiwiri adamutengera ku Ulongwe ali m'thumba kuti asaone anthu panjira. Yolanda akaimba kufunsa za galu, a Sesilia ankangoti akukula, ndipo a Feliciano ankayamikira mumtima kuti akazi awo satulutsa za m'nyumba.

Madzulo ena a Sesilia ankafunsa. "Wayamba kudera?"

"Mudzaona nokha pa 20. Ndikakuuzani pano mudzadabwa ndi chiyani?"

Pofika pakati pa mwezi wachiwiri kulira kuja kudatha. Kuseri kwa nkhokwe kudangoti zii. A Feliciano akamabwera ndi mbale, galu sankathamangiranso ku chitseko, ankakanirira pa ngodya ya m'kati. Adakauza a Custódio, ndipo a Custódio adati ndiye kuti zayamba kugwira.

Lidali tsiku loyamba la Setembulu, mtengo wa mapichesi wa pabwalo utachita maluwa. A Feliciano adadzuka, adatsegula zenera, dzuwa lidalowa mpaka pa khoma. Akazi awo adali atakhala tsonga pa bedi, manja ali pa maondo.

"Tsegulani zenera, abambo ake Yolanda."

"Ndatsegula kale."

Kunja nkhuku zinkatokosa, wina ankadutsa ndi ngolo mumsewu.

"Ndiye lapita," adatero a Sesilia.

Sadalire. Adapukuta nkhope ndi chikhatho ngati munthu wochotsa ukonde wa kangaude, adaphethira kangapo, n'kusiya. A Feliciano adaima pakati pa chipinda. Maso awo adagwera pa kalendala, pa kamzere kofiira kaja. Padatsala masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

"Kanditengereni galu wanga."

Adathamanga opanda nsapato, mwamuna wa imvi, akupunthwa pa miyala yomwe ija adaidalira kuti itchinge akazi awo. Adamasula kiyi ku lamba. Atatsegula chitseko, Uchi sadatuluke. Adali atakula, miyendo italitali, mutu waukulu, koma adadzipinda pa ngodya, maso atatsinzina chifukwa cha kuwala. A Feliciano adamuitana ndi mawu okoma amene sadawagwiritsepo ntchito kwa iye. Galu adanjenjemera. Pomaliza adachita kumukoka ndi unyolo, zikhadabo zikulemba mizere m'dothi, mpaka pakhonde pamene a Sesilia adali atafika chopapasa khoma.

"Uchi," adaitana a Sesilia. "Uchi, mwana wanga, bwera."

Adatambasula dzanja mumpweya, molakwika mbali pang'ono. Galu adaona dzanja likubwera pamwamba pa mphuno yake, ndipo adachita zimene adaphunzitsidwa. Adabweza makutu, adatulutsa mano, n'kudzuma kuchokera pansi pa chifuwa. Kenako adadzikodzera, adakoka unyolo mpaka udapulumuka m'manja mwa a Feliciano, n'kukalowa pansi pa nkhokwe.

Dzanja la a Sesilia lidakhala m'malere kanthawi, kenako adalibweza pa chifuwa. A Feliciano ankadikira kuti atukwanidwe. Ankafuna atatukwanidwa, ndithu ankafuna.

"Mwamuona bwino?" adafunsa a Sesilia. "Wafanana ndi makutu aja?"

A Feliciano adasuzumira pansi pa nkhokwe. Pansi pa fumbi ndi litsiro la m'bokosi, msana wonse, nthiti, mpaka mchira, zidali zitadera monga adanenera Dona Efigénia. Zidachitika pang'onopang'ono m'miyezi imeneyo, mumdima, popanda woona.

"Wafanana," adayankha a Feliciano.

"Ndidadziwa kuti adzakongola."

Yolanda adafika tsiku lotsatira n'kutengera amayi ake ku Tete. Dotolo adaunika, adayesa zimene akadatha, koma diso silidabwerere. Atawabweza kumudzi, Yolanda adazungulira kuseri kwa nkhokwe, adaima pa bokosi lija, adawerama n'kusuzumiramo. Fungo lake lidamubweza. Adali mwana woleredwa mwaulemu, sadakweze mawu kwa bambo ake.

"Papa, munkafuna kuti adzalume ndani?"

Mbava sizidabwere chaka chimenecho. Amuna a pakhomo la tchalitchi adali atapeza kale wina womuseka, ndipo za galu wa mtengo wa ng'ombe adaziiwala mwezi womwe uja. A Feliciano adaphwasula bokosi ndi nkhwangwa, matabwa ake adawatentha onse ngakhale adali abwino. Utsi usadathe adatulukira a Custódio, ndipo atangoponda pa chipata, pansi pa nkhokwe padamveka kudzuma.

"Mwamva, alamu? Wapsa tsopano! Ndidakuuzani ine."

A Feliciano adawayang'ana, adafuna kuwakankhira mlandu wonse, koma adaona kuti sukukwanira pa iwo. A Custódio sadakwere shapa ija, sadamve pempho lija, ndipo kiyi sadali pa lamba wawo. Adangowauza kuti odwala akupuma, abwere tsiku lina.

Adaganizapo zopita kwa Dona Efigénia kukafunsa kagalu kena, ngakhale zitatengera ng'ombe ina. A Sesilia adakana. Adati wawo alipo kale, ndipo asamuvutitse, asamukoke, poti mdima amaudziwa tsopano, munthu sutulukamo ndi tsiku limodzi. M'mawa uliwonse ankapempha kuti awayalire mphasa pansi pa mtengo wa mapichesi, chapafupi ndi nkhokwe. Ankakhala pamenepo akutong'ola chimanga ndi zala, akuimba motsitsa nyimbo za ku mishoni, kambale ka usipa kali pambali. Sankaitana, sankatambasula dzanja.

Sabata yoyamba galu adangotulutsa mphuno. Yachiwiri adatuluka thupi lonse, n'kugona patali, maso ali pa mayi woimbayo. Itafika yachinayi ankadya m'kambale kaja, mwamsangamsanga, n'kubwerera. Koma chinthu chimodzi sichidasinthe. A Feliciano akangotsokomola, akangoponda pabwalo, akangoti "amake Yolanda," galu ankazimirira pansi pa nkhokwe ndipo tsiku limenelo sankatulukanso. Adayesa kubwera ndi nyama m'manja, adayesa kugwada, adayesa kunong'ona. Uchi ankawadziwa bwino kwambiri.

Motero a Feliciano adaphunzira kuima pa chipata. Pochokera ku dimba ankatsitsa khasu mosamala kuti lisagunde mwala, n'kusuzumira pamwamba pa mpanda. Akaona galu ali panja, ankadikira, nthawi zina ola lathunthu, dzuwa likuwaotcha pa dazi. Anthu odutsa ankadabwa kuona mwini nyumba ataima kunja kwa mpanda wake ngati wodzapempha moto.

Tsiku lina chakumapeto kwa Outubulu, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana cha ku Domwe, adafika pa chipata n'kupeza Uchi ali pafupi kuposa kale lonse. Ankakwawa ndi mimba, pang'ono, n'kuima, pang'ono, n'kuima. Adafika m'mphepete mwa mphasa. Adanunkhiza kapulana. Padatsala kadanga kosakwana chikhatho pakati pa chibwano chake ndi phazi la a Sesilia. Dzuwa lidamuwalira pamsana, ndipo adali wokongola kuposa make, wa maonekedwe enieni aja adasankhidwira. Pa atatu onsewo, woona adali a Feliciano okha.

A Sesilia adasiya kutong'ola. Adapendeketsa mutu monga ankachitira diso lidakalipo. Zikuoneka kuti adamva khasu likutsamira mpanda, poti adatembenuzira nkhope ku chipata.

"Abambo ake Yolanda, ndinu?" adafunsa chapansipansi. "Ndiuzeni. Ali pafupi?"

Makutu a galu adagwedezeka. A Feliciano adatsegula pakamwa, yankho lili pa lilime, yankho lokoma limene akadapereka nalo ng'ombe zonse za m'khola kuti alinene. Adayang'ana kadanga kaja, adayang'ana nkhope ya akazi awo ikudikira. Adatseka pakamwa, adagwira mpanda ndi manja onse awiri, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo sadayankhe.